Mluzu wa m'Injini ya Achimwene

Kwathu ku Chiringa aliyense amadziwa kuti ine Belita sindisunga mawu. Amayi amati makutu anga ndi lichero, pakamwa ndi dengu lobooka. Sukulu ndinalekezera panjira, koma za pamjigo ndimakhoza zonse: amene wathawa ukwati, amene wagulidwira foni, amene wayamba kusanza m'mawa. Nkhani iyi yokha ndi ya pakhomo pathu penipeni, ndiye ndiinena mofatsa.

Achimwene anga a Stafford anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy. Anathamangira kumunsi kwa phiri kukathandiza kutulutsa anthu m'nyumba, matope anatsika kachiwiri, basi. Mtembo sitinaupeze. Manda palibe. Anatisiyira alamu a Patricia, kamwana kawo Ufulu, ndi pikapu yakale ya ababa athu a Sitima, itaima pansi pa mtengo wa mango.

Achimwenewo anali ndi misala ya mainjini. Kabuleta ya pikapuyo, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, itafa, anakana kufuna ina yofanana nayo. Anaona zinazake pafoni, anakwera njinga mpaka ku Mozambique, ndipo anabwera ndi makabuleta anayi a njinga yamoto yaikulu.

"Belita," ankatero, "injini iyi ili ndi masilinda anayi, koma onse akupumira kholingo limodzi, ngati ana anayi olimbirana bere. Ine ndipatsa aliyense kholingo lake. Ikadzalira, a ku Migowi adzatuluka m'nyumba."

Ankagwira ntchitoyo akuimba mluzu, chifukwa munthu uja ngakhale kubafa ankaimba mluzu. Anamanga zonse, kunangotsala kuiliza. Ndiye madzi aja anabwera.

Pikapuyo ababa anaisiya nthawi yaitali osaikhudza, mpaka nkhuku zinayamba kuikira kumbuyo kwake. Chaka chino mpunga utacha ku Chilwa, azimayi a m'mudzi mwathu anayamba kudandaula kuti matumba pa njinga akuwathyola misana. Ababa anapukuta fumbi, anabwereka batire, anathira petulo. Inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira.

Koma pansi pa kulirako panali kenakake. Kamluzu kowonda, fyiiii, kosalekeza. Ababa akaponda moto kamabisala, akasiya kamabwerera.

Amayi, a Rozaria, anali pakhonde akusenda nandolo. Lichero linagwa. Anaimirira, nandolo ali mbwee pansi, n'kunena mawu amodzi okha: "Stafford."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amayi ankati, "Bambo a Belita, tailizani pang'ono." Ankakhala pa tayala lakutha pafupi ndi galimotoyo, maso ali chitsinzinire. Munthu amene chichokere achimwene ankangotola chakudya ngati mbalame anayamba kudya. Tsiku lina ndinawamva akuseka ndi Ufulu.

Pamjigo nkhani inali yomweyo, ndipo musafunse kuti inafikako bwanji. A Lenia ankati mzimu wosowa manda umalowa m'chinthu chimene mwini wake ankachikonda. A Maggie ankati tiitane abambo a kutchalitchi adzawaze madzi odalitsa. Ena ankati iwo sangakwere galimoto yoimba mluzu, koma mpunga wawo ukwere.

Ababa za mizimu sankayankha. Ankangozungulira injini. Anathira madzi pa lamba wa injini, mluzu uli pomwepo. Anachotsa lambayo n'kuiliza pang'ono yopanda lamba, uli pomwepo. Anamanga mabawuti onse a makolingo anayi aja mpaka sipanala inawatupitsa dzanja. Vuto lake ababa anagwira ntchito pachigayo zaka zambiri, ndiye makutu awo amamva phokoso koma sadziwa kumene likuchokera.

Tsiku lina ataizungulitsa pabwalo la mpira anabwera nkhope ili gwa.

"Buleki ikulimba ngati mwala," anandiuza chapansipansi. "Buleki ya galimoto iyi imathandizidwa ndi mpweya umene injini imakoka. Penapake pabooka, injini ikuba mpweya wa panja. Mluzuwu ndi umenewo." Anadula kapaipi ka pulasitiki kotalika ngati mkono. "Makutu ako amiseche aja lero agwire ntchito. Mbali iyi pakhutu, inayo uziyendetsa. Usayandikire fani, ingakudule zala."

Ndinaika pa kholingo loyamba. Linkangoti fuu, fuu, ngati ng'ombe ikumwa madzi. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso. Pansi pa lachinayi panali timapaipi ting'onoting'ono tokumana pamodzi, tomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Mamangidwe ake ndinawazindikira, ndi mmene achimwene ankamangira matumba pakaliyala. Nditangofikitsa paipi pamenepo, mluzu unandibaya m'khutu mpaka m'mano.

Ndinadzutsa mutu. Amayi anali pa tayala lawo lija, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, ngati akucheza ndi munthu.

"Wamva chiyani?" anafunsa ababa.

"Paliponse pakumveka chimodzimodzi, ababa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anazimitsa injini.

Abale, kusunga mawu n'kowawa. Zinali ngati ndameza mbatata yamoto. Pamjigo a Lenia anandifunsa ngati ndikudwala, poti ndinatunga madzi n'kuchoka osanena za munthu aliyense.

Loweruka masana ababa ananena kuti Lolemba apita ku Chilwa basi, mpunga wa anthu ukunyowa ndi mame kudambo. Anati ayenda pang'onopang'ono, buleki aziponda ndi mphamvu.

"Inenso ndikwera nawo," anatero alamu a Patricia. "Wanga uli komweko. Ufulu ndimubereka."

Msewu umenewo ndimaudziwa. Pali potsetsereka pofika pa kamlatho, pamene ana a sukulu ndi a njinga za nkhuni amadutsa osayang'ana. Ndinayang'ana Ufulu akukwawira chidendene cha ababa, mphumi yake ngati ya achimwene ndendende.

Sindinapite kwa ababa. Ndinapita kwa amayi, kuseri kwa nyumba kumene ankayanika chinangwa.

"Amayi, ndili ndi nkhani."

"Ya ndaninso lero?"

"Ya mluzu uja. Ndinapapeza pamene ukutulukira. Ndi mphira yang'ambika. Ababa akuti n'chifukwa chake buleki ikulimba."

Amayi anapitiriza kutembenuza chinangwa, chimodzichimodzi, osandiyang'ana.

"Ukuganiza kuti ndapenga, iwe? Ndikudziwa kuti mwana wanga sali mu injini." Anapukuta manja pachitenje. "Koma anzanga ali ndi poti akasese, poti akaike maluwa. Ine ndili ndi chiyani?"

Anawerama n'kutembenuza chinangwa china, kenako anandifunsa:

"Patricia akuti akwera ndi mwana?"

"Eya."

Anasiya chinangwa. Kenako anati, "Kaitane abambo ako ailize. Ubweretse kapaipi kako."

Injini italira, amayi anawerama pa boneti koyamba m'moyo wawo. Ndinawaikira paipi pakhutu, mbali inayo ndinaifikitsa pa mphira ija. Anadzidzimuka pang'ono, koma sanachotse. Anamvetsera, anamvetserabe, ababa ataima poteropo chipewa chili m'manja. Palibe anawafulumizitsa. Misozi inkagwera pa chitsulo chotentha n'kumauma pomwepo.

"Pamenepa anamanga ndi iyeyo?"

"Ndi iyeyo," anatero ababa. "Anamanga bwino. Mphira yangofa yokha, yakhalitsa."

Amayi anatambasula dzanja, anaika chala chawo pa mng'alu uja. Mluzu unaleka. Pabwalo panangotsala kuguguda kwa injini, ndi nkhuku.

"Tsekani," anatero.

Ababa anamasula mphira ija, anaikapo paipi yeniyeni n'kuimanga ndi kachitsulo kofinya. Anakhala pampando, anaponda buleki, inalowa bwinobwino. Ndiye anaponda moto. Mayo ine! Makolingo anayi aja anatseguka onse pamodzi, galimoto inabangula kuchokera pansi pamimba, mawu onenepa amene sitinawamvepo chifukwa tonse tinkangotchera khutu ku kamluzu. Mbuzi za a Maggie zinadula chingwe. Ufulu analira, kenako anayamba kuwomba m'manja.

"Ankanena zimenezi," ndinatero. "Ankati a ku Migowi adzatuluka m'nyumba."

Amayi sanaseke. Anatola kamphira kaja pansi, anakapukuta, n'kukamanga pa ngodya ya chitenje.

Lolemba galimoto inapita ku Chilwa ndipo inabwera madzulo dzuwa lisanalowe, mpunga uli tho, alamu ndi Ufulu ali kutsogolo. Pamjigo a Lenia anandifunsa kuti mzimu uja wapita kuti. Ndinawauza kuti inali mphira ya chubu. Anakwinya nkhope, akuti nkhani ndaiwononga.

M'mawa amayi sapemphanso kuti ailize, ndipo tayala lija ababa anadzalamo anyezi. Kudya akudyabe, ngakhale masiku ena pang'ono. Koma galimoto ikamabwera, imamveka ikadali kutali kumsika, ndipo amayi amasiya chilichonse chimene agwira n'kuima pakhonde mpaka italowa pabwalo.