Anati Lachingati?

Amuna anga ndinawapatsa dzina loti a Ndamva, ndipo sindinawalakwire. Ukawatuma mchere amati "Ndamva," n'kubwera ndi machesi. Ukawauza kuti akatenge mwana kusukulu amati "Ndamva," kenako uwapeza kushedi kwawo akupala matabwa, mwana akulira pageti. Ndinapirira zaka zisanu ndi zinayi. Koma nkhani ya maso a apongozi anga inandifika pakhosi.

Apongozi anachita ng'ala m'maso onse awiri. Kwa zaka ziwiri ankayenda mogwira khoma, ndipo mdzukulu wawo wamng'ono ankangomudziwa ndi mawu. Madokotala a maso amabwera kuchipatala chathu kamodzi pa miyezi inayi. Dzina la apongozi litalowa pa mndandanda wa opareshoni, a Ndamva ndiwo anapita kukamva tsiku lake. Ine ndinatsala pa makina osokera ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu.

Panapita masiku awiri ndisanapeze mpata wowafunsa. Nditafunsa, anayamba kukanda m'mutu. Anati anesi anawapatsa kapepala, koma atapisa m'matumba onse kapepalako sikanaoneke. Anafotokoza kuti atangotuluka kwa anesi foni inalira, kasitomala akulalata za chitseko chake. Pageti anakumana ndi mnzawo wakale, ndipo m'basi munali mkangano wa mpira.

"Ine sindinafunse za mpira. Tsiku ndi liti?"

"Anati Lachi..." Anayang'ana kudenga. "Lachi..."

"Lachingati?"

Tangoganizani. Masiku anayi a sabata amayamba ndi Lachi. Bambo wamkulu, wandevu zake, anasunga mutu wa mawu, mchira anausiya m'basi. Ndinawauza kuti abwerere akafunsenso, koma anati kumeneko n'kutaya tsiku la ntchito pachabe, tsopano akumbukira bwinobwino, ndi Lachinayi.

Lachinayi tinalawirira, apongozi atavala diresi lawo latsopano limene ndinawasokera. Tinapeza mabenchi ali mbee. Mlonda anatiuza kuti madokotala a maso anagwira ntchito dzulo lake, Lachitatu, ndipo anapita kale. Apongozi anakhala pabenchi, akusisita diresi lija ndi manja. Chimenechi n'chimene chinandipweteka kwambiri, ndipo pakamwa panga panatseguka. Ndinawawerengera a Ndamva milandu yonse kuyambira pa mchere uja.

Phokoso langa linatulutsa anesi, mayi wachikulire wa magalasi olendewera pachifuwa. Anatilowetsa m'kachipinda kawo. Ndisanakhale n'komwe pansi, ndinawapempha kuti awayeze amuna anga mutu, chifukwa mwina ukuwonongeka, apo ayi amachita dala.

Apongozi anatsokomola. "Apongozi, ine maso ndilibe koma makutu ndili nawo. Tsiku lija mwana wangayu atabwera, inu mukuyeza kasitomala, anati musachape thalauzi lakuda, muli kapepala ka kuchipatala. Inu munayankha kuti ndamva. M'mawa mwake ndinamva mukuchapa."

Ndinafuna kutsutsa, koma ndinakumbukira tizidutswa toyera timene ndinakutumula m'thumba la thalauzi lija poyanika. Manyazi anandigwira mpaka kuphazi. A Ndamva anayamba kuwongola khosi ngati tambala, ndipo ndinawayang'ana mpaka analibweza.

Anesi sanaseke. Anati tiyeserere kanthu kena. Ananditchulira nambala ya foni kamodzi, n'kundiuza kuti ndiisunge. Kenako anandifunsa kuti yunifolomu ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi imadya nsalu yochuluka bwanji. Ndinayankha mosavuta, poti ndi ntchito yanga. Atati ndibwereze nambala ija, ndinangotchula manambala atatu oyamba. Ena onse anali atauluka.

"Mutu wanu ndi wabwino, wa bambowa ndi wabwinonso," anatero anesi. "Chimene mwangomva kumene sichipita msanga kosungira zinthu. Chimayamba chakhala ngati m'manja. M'manja mumakwana matimati anayi kapena asanu basi. Wina akakupatsani moni wa dzanja, ena amagwa."

Anafotokoza kuti zinthu zatsopano zimakhala m'manjamo nthawi yochepa kwambiri, mwina osakwana mphindi imodzi, pokhapokha munthu akazibwereza kapena kuzilemba. Foni, phokoso, kapena kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi zimagwetsa zimene wanyamula. Kutopa, nkhawa ndi kusagona mokwanira zimachepetsanso manjawo. Apongozi anakumbukira za thalauzi chifukwa anali atakhala phee, mtima wawo wonse uli pa nkhani ya maso awo.

Amuna anga anafunsa motsitsa mawu ngati si chiyambi cha matenda aja a bambo awo, amene atakalamba ankasochera pakhomo pawo pomwe. Sindinkadziwa kuti anali ndi mantha amenewa, ndipo ndinawamvera chisoni. Anesi anati kuiwala mchere kapena pamene waika makiyi n'kwa aliyense. Koma munthu akamasochera panjira imene amaidziwa, akamaiwala mayina a ana ake, akamafunsa funso lomwelo kambirimbiri, kapena akamalephera ntchito imene wakhala akuigwira zaka zonse, apite naye kuchipatala osachedwa. Anawafunsa amuna anga ngati anaiwalapo kupanga mpando. Anati ayi, ngakhale kutulo akhoza kuupanga.

Kenako anesi anaimba foni. Madokotala aja anali atapita kuchipatala chachikulu, ndipo kunali malo a munthu mmodzi sabata yotsatira. Tikaphonyanso, ndiye kudikira miyezi inayi. Anatiuza tsiku, nthawi, ndi zoti tikatenge.

"Ndamva," tinayankha tonse awiri pamodzi.

"Kuno mawu amenewo sindilandira. Zimitsani foni. Bambo, ndiuzeni zimene mwamva."

Anabwereza mojejema: Lachiwiri, seveni koloko m'mawa, buku lachipatala, ndi mankhwala onse amene amayi amamwa. Anesi anawauza kuti Lachiwiri alimangirire ku chinthu chimene amachidziwa kale. Iwo anati maso ndi awiri, ndiye Lachiwiri. Ine ndinabwerezanso, apongozi nawonso. Pomaliza anesi analemba m'buku lachipatala lenilenilo, osati pa kapepala kopita m'thumba.

Titafika kunyumba, a Ndamva anatenga pensulo yawo ya ukalipentala n'kulemba LACHIWIRI pa thabwa, zilembo zazikulu ngati za pa sitolo, n'kulikhomera mkati mwa chitseko. Ndinadandaula kuti aipitsa chitseko, koma sindinalichotse. Lolemba madzulo chikwama chinagona pakhomo penipeni, kuti aliyense wotuluka apunthwe nacho.

Lachiwiri tinafika mlonda asanatsegule geti. Madokotala anayamba ndi diso lamanja, lina anati adzachita ulendo wotsatira. M'mawa mwake atamasula bandeji, apongozi anaphethira nthawi yaitali, kenako anagwira masaya a mdzukulu wawo n'kunena kuti mwanayu watenga mphumi ya agogo ake aamuna. Ine ndinatulukira panja kukapukuta misozi. Titabwerera kunyumba apongozi anaima pachitseko n'kuwerenga thabwa lija okha, chilembo ndi chilembo.

Kuiwala sikunathe m'nyumba mwathu. Dzana ndinasaka tepi yoyezera m'nyumba monse, ndikukalipira aliyense, ili m'khosi mwanga. Koma tinaphunzira, ndipo inunso mutengepo phunziro. Kumva ndi kusunga n'zosiyana. Pouza munthu nkhani yofunika, dikirani asiye zimene akuchita, muuzeni zinthu zochepa, ndipo abwereze ndi pakamwa pake. Mukauzidwa inuyo, bwerezani, lembani pomwepo, ikani pamene maso anu amafika tsiku lililonse, ndipo uzaninso munthu wina. Kuiwala kukafika posocheretsa munthu kapena kumulepheretsa ntchito yake, musamunyoze, pitani naye kuchipatala.

Tsiku la diso lachiwiri lili kale pachitseko. Masiku ano munthu akati "Ndamva" m'nyumba muno, apongozi ndiwo amayamba kufunsa, akumuyang'anitsitsa ndi diso lawo latsopano: "Mwamva chiyani? Tanenani."