Mchombo Pansi pa Mkuyu

Bwana watsopano anatulukira kuseri kwa nyumba ndi munthu womanga, Suwedi ali pamwamba pa makwerero. Suwediyo ankaveka nkhuyu timatumba tamaukonde, tija amagulitsiramo malalanje, kuti mbalame zisajomphe. Palibe anamupatsa moni. Womangayo anatambasula tepi kuchokera kumpanda mpaka pakhomo la kanyumba ka antchito, kenako anagogoda tsinde la mkuyu ndi nsapato ngati akuyesa mpweya wa tayala.

Bwana analankhula osayang'ana m'mwamba. Mtengowu uchoke sabata ino. Mizu yake ing'amba mpanda, komanso pakufunika kuyala njerwa poimika galimoto yachiwiri.

Suwedi anatsika.

Mapichesi, mandimu ndi mphesa za pakhonde anazipeza m'bwalo limeneli la ku Rosebank, ku Joni. Akanati zidulidwe zimenezo, akanadula akuimba mluzu. Koma mkuyu anadzala yekha. Dona wakale, nkhalamba ya Chigiriki imene inamulemba ntchito atangofika kuchokera ku Ntaja mu 1997, ndi amene anamupatsa kanthambi kake. Suwedi anaseka poyamba, poti kwawo nkhuyu n'za ana ndi anyani, ndipo ukang'amba umapeza tizilombo tili yakaliyakali. Za kuno ayi, m'kati mofiira, zotsekemera ngati wathira shuga.

Kanthambiko katangogwira, mkazi wake Sakina anabereka Tawakali. Mchombo wa mwana utagwa Sakina analira, chifukwa ku Joni kunalibe mayi ake kapena azakhali oti akaukwirire. Anathandiza ndi a Matildah, mayi wa ku Chipata wogwira ntchito ya m'nyumba. Anaukulunga m'kansanza n'kuukwirira patsinde pa kamtengo kaja. Kumudzi mwamuna sauzidwa n'komwe malo ake, koma a Matildah anati, "Ba Suwedi, ndakuuzani dala. Khasu lanu lisamafike apa."

Nkhalamba ija itagulitsa nyumba, eni atsopano anati mwana kuseri sakumufuna. Wantchito akhale, banja lake lione kolowera. Suwedi anakakweza Sakina ndi Tawakali basi ya ku Malawi ku Park Station, n'kubwerera m'chipinda chimene chinakula mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo ankadyera pansi pa mkuyu, atakhala pachitini cha penti. Chisanu cha mu Juni chikafika, masamba onse n'kuyoyoka, ankakulunga tsinde ndi masaka. Lamlungu akapita ku Joubert Park kukaimba foni, Tawakali sankadziwa choti anene kwa bambo amene nkhope yawo inayamba kumuthawa. Ankangofunsa kuti, "Mtengo wanga wapitirira denga?"

Ndiye munthu abwere ndi tepi.

Tsikulo linali Lachinayi, tsiku lopuma antchito a m'nyumba, ndipo a Matildah anali atapita kumapemphero a azimayi kutauni. Chizungu cha Suwedi chinali cha m'munda: paipi, feteleza, yes baas. Liwu loti mchombo akanalimva kuti?

"No, baas," anatero, atayima pakati pa bwana ndi mtengo. "My son is inside there. We bury."

Bwana anatembenuka, n'kumuyang'ana kumaso koyamba chiyambire ntchito. Dona, amene ankamvetsera ali pakhonde, anaika kapu pansi. Anafunsa kuti kamwana kaja anakaona tsiku lodzaona nyumba kali kuti.

"He go," Suwedi anayankha. Ataona kuti sakumva, anakwinya malaya, n'kuloza pamimba pake, n'kuonetsa ndi chala mmene amadulira, kenako analoza pansi.

Dona anakuwa, n'kuthawira m'nyumba. Maloko anamveka kulira, wina pambuyo pa mnzake.

Apolisi anabwera awiri. Sanamufunse kanthu. Anamumanga unyolo pachitsulo choyanikira zovala, padzuwa, ndipo wamkuluyo anauza womanga uja kuti aitane anthu ake akumbe.

"Musakumbe pamenepo!" Suwedi anakuwa. "Imbani foni ku Ntaja, mwana wanga ali moyo, akusewera! Agalu inu, imvani kaye!"

"Thula, kwerekwere," anatero wapolisi wamng'ono, ndiye kuti khala chete wobwera iwe, akutsegula botolo la chakumwa.

Suwedi anatukwana m'Chichewa, anatukwana m'Chiyao. Anakoka unyolo mpaka dzanja linasupuka. Piki woyamba analowa mpaka theka, poti nthaka ya pamenepo inali yofewa ndi manyowa a zaka zonsezi. Muzu waukulu utaduka, mtengo unanjenjemera, nkhuyu zaziwisi n'kuyamba kugwera m'dzenje. Anthuwo ankaponda osaona. Anakumba kuzungulira, anakumba pansi, mpaka mkuyu unapendekeka pang'onopang'ono n'kukatsamira mtengo wa mapichesi, timatumba tija tili lendelende.

Anapeza miyala, chidutswa cha paipi, ndi supuni yadzimbiri.

A Matildah analowa pageti dzuwa litapendeka, atavala bulauzi yoyera ya mpingo. Anaona dzenje, anaona Suwedi, n'kugwetsa chikwama.

"Mayo ine! Ba Suwedi, mwachita chani?"

"Ndawauza kuti mwana wanga ali pansi apo."

"Mwawauza bwanji?"

Anabwereza Chizungu chake chija. A Matildah anagwira kumutu.

"Imwe, imwe! Simukanadikira ine? Pakamwa panu pamathamanga kusiya mutu kumbuyo."

Anapita kwa wapolisi wamkulu n'kuyamba kufotokoza, Chizungu chosakaniza ndi Chizulu, akudziloza pamtima kuti anakwirira ndi iwo, ndi manja awo awa. Wapolisiyo ankamvetsera mokayika mpaka pamene a Matildah anatchula liwu limodzi.

"Inkaba?" anafunsa wapolisiyo. Ndiwo mchombo m'Chizulu. Anavula chipewa, n'kuyang'ana dzenje lija nthawi yaitali. Anati wakenso uli m'khola la ng'ombe kwawo, ndipo munthu atakumba pamenepo pangafe munthu. Anadzamasula unyolo yekha. "Hawu, mfowethu," anatero chapansipansi, n'kuwonjezera mawu ena. A Matildah anamasulira: akuti m'bale wanga, bwanji sunanene?

"Muwauze kuti ndanena kuyambira m'mawa," anatero Suwedi. "Amene anandifunsa ndani?"

A Matildah sanamasulire zimenezo. Apolisi anakwera galimoto yawo n'kumapita.

Bwana anatuluka akuseka kaseko ka manyazi, dona ali kumbuyo kwake. Anamusisita Suwedi paphewa. Anati pepani, kunali kusamvana chabe, nkhani imeneyi adzaiseka pa Khirisimasi. Ndiye poti mtengo wagwa kale, audule zidutswazidutswa, akweze pagalimoto ya womanga asanaweruke. Mawa akwirire dzenje.

Suwedi analumphira m'dzenjemo. Anafukula dothi ndi manja, kuphwanya zibuma, kufunafuna ngakhale ulusi wa kansanza kaja.

"Ba Suwedi, tulukani," a Matildah anatero atagwada m'mphepete. "Simupeza kanthu. Zaka zonsezi, mvula yonseyi? Unalowa mumtengo kalekale."

Anatuluka. Analowa m'kanyumba ka zida n'kubwerako ndi chikwanje. Womanga ndi anthu ake anabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda. Bwana anakankhira dona m'khitchini.

"Mwana wanga, ganiza za Sakina," a Matildah ananong'ona. "Awa sachedwa kuimbanso foni."

Suwedi anawadutsa. Anayenda m'mbali mwa mtengo wogonawo, akugwira nthambi iyi, kuisiya, kugwira ina. Anasankha yowongoka, yonenepa ngati chala chachikulu, n'kuidula kamodzi. Chikwanje anachibaya pakati pa kapinga wa bwana, n'kuchisiya chili chiimire.

"Muwauze kuti wodula mtengo uwu amupeze kwina. Ine ayi."

"Ndiye ntchito? Mugona kuti?"

"Kuli Sidi ku Doornfontein, wa kwathu. Ali ndi pansi poti ndingagone."

"Nanga nthambiyo? Mwezi uno sizigwira, mudziwa. Komanso kumafulati kuja mukadzala pa simenti?"

Suwedi analowa m'chipinda chake, anaponya zovala ndi bulangete m'chikwama cha mizeremizere, n'kutuluka osatseka chitseko. Bwana anakuwa kenakake pawindo. A Matildah anamuperekeza mpaka pageti, n'kuviika mpango wawo pampopi, kukulunga podulidwa paja.

Mu takisi yopita kutauni anakhala pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo, nthambi ataiimika pakati pa mawondo. Utomoni woyera unadutsa mpango uja n'kumadonthera pathalauza. Manja ake anali dothi lokhalokha, kudzanja kuli magazi ouma. Mayi amene anakhala naye pafupi anayang'ana manjawo, anayang'ana nthambi, n'kusunthira kuwindo. Anthu ankakwera, ankatsika, akucheza m'zinenero zawo. Malo a pambali pake anakhala opanda munthu mpaka kutauni.