Buku la Moyo wa Mlakatuli Lafika Pakhomo

Aphunzitsi anaphunzitsa ndakatulo za mlakatuli mmodzi kwa zaka makumi atatu, mpaka ana a sukulu anawapatsa dzina lakuti Amavesi. Atapuma pa ntchito, mwana wawo wamkazi, yemwe ankagulitsa m'sitolo ya mabuku, anawabweretsera buku latsopano lofotokoza moyo wa malemu mlakatuli uja. Iye ankati awasangalatsa.

Aphunzitsi analiwerenga masiku awiri. Tsiku lachitatu mwanayo atabwera kudzawaona, iwo anaponya bukulo patebulo mpaka kapu inagwa.

Bukulo linkanena kuti mlakatuliyo ankamenya mkazi wake, ndipo ndakatulo zake zachikondi ankalembera mtsikana wa ku ofesi, mkaziyo ali gone m'chipatala. Linkanenanso kuti munthu yemweyo ankasunga ophunzira osauka pakhomo pake ngati ana ake. Koma aphunzitsi zimenezo sanazione n'komwe. Anati wolemba bukulo ndi wakaduka, wolephera kupeka ngakhale vesi limodzi, wodikira munthu afe kuti akamufukule. Mwanayo anayankha kuti makalata ali momwemo, olembedwa ndi dzanja la mlakatuliyo. Bambo ake anamuuza kuti ana a masiku ano ulemu alibe, chomwe amadziwa n'kununkhiza zonyansa za akuluakulu.

Amayi, amene ankasita malaya pakona, anaika simbi pansi.

"Inenso ndaliwerenga, inu muli kokayenda. Ndakatulo ija munandinenera pondifunsira ili momwemo. Anailembera mtsikana uja."

"Ndiye mukufuna nditani, mayi? Ine ndinkadziwa?"

"Sindikufuna kanthu. Koma musamakalipire mwana wanga chifukwa cha mwamuna amene simunamuonepo ndi maso. Mkazi wake uja ine ndamumvetsa."

Aphunzitsi anafunsa kuti mawu amenewo akutanthauza chiyani. Amayi anangopitiriza kusita.

M'mawa mwake aphunzitsi anavala jekete n'kupita kusitolo kuja. Pamaso pa ogula, analamula mwini sitolo kuti achotse bukulo pawindo. Mwini sitolo anaseka, n'kuwauza kuti ndilo likuyenda malonda kuposa ndakatulo zenizenizo. Mwana wawo anaima kuseri kwa kauntala nkhope ili pansi, anzake akugwira pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo mwanayo sanapondenso kwa makolo ake miyezi iwiri.

Bukulo aphunzitsi sanalitaye. Ankalibwereza pakhonde, cholembera chofiira chili m'manja, akulemba "bodza" m'mphepete mwa masamba. Pamutu wa makalata anangodula mzere pansi pa mawu ena, osalemba kanthu. Amayi atawafunsa ngati apeza bodza pamenepo, anawayankha kuti aziona zawo.

Mwanayo anadzabweranso chifukwa amayi ake anadwala mwendo. Bambo ake sanapepese, iyenso sanawafunse. Anapatsana moni, n'kukambirana za mpopi wa kubafa umene unkadontha.