Nyimbo Isanagwe

Ndinalota ndabwerera ku Mabingu, chikondwerero cha nyimbo chija chimachitika masiku atatu pabwalo la esiteti yakale ya tiyi ku Mulanje. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo phiri linali litasendera pafupi moti linkakhudza tenti ya ogulitsa tchipisi. Palibe amene anadabwa nazo, ndipo inenso sindinadabwe.

Kalamba kolowera kanali pamkono panga, kobiriwira, komwe kaja anandimanga pageti chaka chatha. Sindinakadulepo mpaka lero. Anzanga a pamsika wa Limbe, pomwe ndimakonza mafoni, amandiseka nako, ati Fanuwelo anakwatira pulasitiki. Ndimaseka nawo, nanga ndiwauza chiyani.

Pageti anali atayala masamba a bulugamu chopingasa, monga timachitira pamsewu m'mudzi mukagwa maliro. Mlonda anaima pambali pake atavala jekete yonyezimira, khasu lili paphewa.

"Pepani bambo, pano pali zovuta," anatero mlondayo. "Vulani chipewa."

"Zovuta za ndani?"

"Zanu." Anandigwira mkono nayang'ana kalamba kaja mbali zonse. "Mwachedwa ndi chaka chathunthu, komabe takusungirani malo kutsogolo."

Ndinavula chipewa, ndinalumpha masambawo.

Bwalo linali lodzaza tho, anthu zikwizikwi, onse manja m'mwamba. Koma palibe amene ankavina. Pasiteji panali DJ Nsungwi, mahedifoni ali m'khosi, dzanja limodzi pamakina ake.

Ndinene za Nsungwi, chifukwa munthu ameneyu ndinamukonda kuposa mmene munthu wanzeru ayenera kukondera mlendo. Ndinamutsatira ku Lilongwe, ndinamutsatira ku Mzuzu nditakhala pamatumba a mbatata kumbuyo kwa lole. Nyimbo zake zilibe mawu, ndi kugunda kokhakokha, koma ukaima pafupi ndi sipika kugundako kumalowa m'chifuwa n'kukutsuka zonse za sabata. Ndiye ali ndi kachitidwe kake. Amachotsa besi, kugunda kwakukulu kuja, n'kusiya tizing'oma tating'ono tikuthamanga, tikukwera, tikukwera. Tonse timakweza manja n'kudikira, mpweya titaugwira. Akaona kuti tatsala pang'ono kufa, amaigwetsa, besi n'kubwerera, bwalo lonse n'kudumpha ngati munthu mmodzi. Mphindi imeneyo ndi imene timapitira kumeneko, zina zonse ndi ndiwo chabe.

Chaka chatha, Loweruka cha m'ma 4 koloko masana, Nsungwi anachotsa besi ine ndili kutsogolo, foni m'mwamba, ndikujambula. Mlongo wanga Lekeleni anaimba kuchokera kumudzi kwa Namitambo, komwe ankadwazika amayi. Foni ikalira, kujambula kumaima, ndiye ndinaidula. Anaimbanso, ndinaidulanso. Kakhumi ndi kamodzi. Mumtima ndinkati ndimuimbira ikagwa. Inagwadi, ndinavina, batire n'kutha. Ine, wokonza mafoni, batire kundithera, ndipo sindinasake pochajira mpaka chikondwerero chinatha. Nditafika kumudzi Lolemba ndinapeza masamba panjira ya kwathu atafota kale. Amayi anaikidwa Lamulungu, dothi langa palibe pamanda awo. A Makwinja, mkulu wa adzukulu amene amakumba manda kwathu, ndiwo anandiuza kuti pamene Lekeleni ankaimba, amayi anali moyo ndipo ankafuna kuyankhula nane. Chimene ankafuna kunena sindikuchidziwa. Lekeleni anangoti, "Tinaika dzulo," ndipo chichokereni tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changachi chinaimba mokwanira.

Tsono m'maloto muja nyimbo inali pamalo omwewo, ikukwera, besi palibe. Inali itakwera chaka chonse. Manja a anthu anali ataonda ngati mapesi. Mtsikana wina wopaka zonyezimira m'masaya chiswe chinali chitamumangira dothi mpaka m'mawondo, ndipo mpheta inali itaikira mazira m'chikhatho cha mnyamata wa tisheti yofiira. Onse ankamwetulirabe, maso pasiteji. Ankandipatukira osatsitsa manja.

Ndikudutsa pafupi ndi mulu wa masipika, yaikulu ya pansi inandiyankhula mwaulemu.

"Bambo Fanuwelo, tatopa kusunga mpweya. Chonde fulumirani."

"Ndamva," ndinayankha, ndipo ndinachita manyazi.

Kutsogolo kwa siteji, pamene pamakhala zitsulo zotchinga anthu, panali manda okumbidwa kumene, dothi lofiira litaunjikidwa mbali imodzi. Adzukulu anayi anagwira zingwe, awiri uku awiri uku, ndipo bokosi linali lendelende pakamwa pa dzenje. A Makwinja anali kumutu, chingwe chitawalowa m'zikhatho. Pamwamba pa bokosi panakhala amayi, miyendo atatambasula, atavala bulauzi yoyera ndi duku lawo la kutchalitchi. Ankasenda nandolo m'lichero.

Ndinagwada pamphepete pa dzenje.

"Mwafika, bambo?" anatero amayi. Ankanditchula choncho kuyambira ndili mwana.

"Ndafika, amayi."

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Tatsala monga mukuoneramu." Anataya makoko m'dzenje, anapendeketsa khutu. "Kodi nyimbo yake ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyi, amayi."

"Ilibe mawu."

"Ilibe."

"Nanga mumamvamo chiyani?"

Sanafunse mokalipa ayi, ankafunadi kudziwa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

Ndinakwawa pang'ono kuti ndiwayandikire. "Amayi, tsiku lija munkafuna kundiuza chiyani?"

"Mawu amenewo sali pakamwa panga pano. Ndinawaika mufoni, ali momwemo."

A Makwinja anakhosomola. "Mwana wa malemu, manja athu atha. Bokosi ili silitsika nyimbo isanagwe."

Ndinayang'ana pasiteji. Nsungwi, munthu amene ndinamutsatira zaka zinayi osandidziwa n'komwe dzina, anandiyang'ana m'maso, nayandikitsa pakamwa pamaikolofoni.

"Ine ndinakonzeka kalekale, bambo Fanuwelo," anatero, mawu ake n'kumveka bwalo lonse. "Ndikudikira foni iyo iyankhidwe."

Apo m'pamene ndinaona kuti dzanja langa lamanja lili m'mwamba ngati la aliyense, ndipo m'menemo muli foni yanga yakale ya tsiku lija, ya galasi losweka pakona. Inali ikulira. Dzina la Lekeleni linali pagalasi.

Ndinamvetsa zonse popanda wondiuza. Ndikayankha, ndimva mawu a amayi, koma nyimbo igwa, bokosi litsika, amayi apita. Ndikapanda kuyankha, akhala pompo akusenda nandolo, ine ndikuwaona.

Ndinaidula.

Musandiweruze msanga. Kapena ndiweruzeni, zilibe kanthu, ndinazolowera. Chaka chathunthu ndinali ndisanaone nkhope ya amayi, ndi kachipsera kawo ka pachibwano, ndi mmene ankalumira mlomo wam'munsi akamagwira ntchito. Foni inaliranso, ndinaidula. Ndinawafunsa za mbuzi. Anati yakuda ija inaswa awiri. Inaliranso, ndinaidula. Ndinawauza kuti benchi yanga yokonzerapo mafoni ndinaifolera ndi malata, mvula sindinyowanso. Anati zimenezo ndi zabwino, koma ndionjezere kudya, khosi langa latalika.

Pofika kachisanu ndi chiwiri, magazi a m'manja mwa a Makwinja ankatsika m'chingwe n'kumadonthera pathabwa. Mdzukulu wina ankalira mwakachetechete. Kumbuyo kwanga munthu anagwa chagada, manja akadali olozetsa kumwamba, ndipo anzake sanathe kumudzutsa chifukwa manja awonso anali otanganidwa. Tizing'oma tija tinali titakwera mpaka tinkamveka ngati udzudzu m'khutu.

"Yalira kangati?" anafunsa amayi.

"Kasanu ndi kanayi."

"Ikakwana kakhumi ndi kamodzi batire litha. Likatha tiyambiranso poyamba, chaka china."

"Chaka si kanthu, amayi. Ndikhala pano."

Anaika lichero pambali. Nandolo anali atatha, ndipo ndinaona kuti zala zawo zinali zitayamba kusenda zopanda kanthu.

"Bambo, thabwa ili likundipweteka msana. Ndatopa kukhala pakati, kumtunda ayi, pansi ayi. Anthu awanso ali ndi kwawo, ena anasiya ana kwa aneba. Munandidikiritsa kamodzi ndili pamphasa. Musandidikiritsenso ndili pano."

Inalira kakhumi. Chala changa chinaidula chokha, mwa chizolowezi, ndipo ndinadana nacho chala chimenecho. Pakona ya galasi batire linali litafiira.

Inalira kakhumi ndi kamodzi. Ndinatsitsa dzanja movutikira, ngati ndikukoka nthambi yaiwisi, ndinayankha.

"Achimwene," anatero Lekeleni. Mawu ake anali a tsiku lija, otopa, asanayambe kudana nane. "Mwayankha. Amayi akufuna akuyankhuleni, dikirani ndiwapatse."

Pabokosi paja amayi anapisa dzanja m'bulauzi, natulutsa kafoni kawo ka mabatani kamene ndinawamangira ndi labala. Anakaika kukhutu. Anandiyang'ana, anapuma, anatsegula pakamwa.

Nsungwi anaigwetsa.

Sindinamvepo besi yotero pamoyo wanga. Phiri linabwerera m'mbuyo. Chiswe chinayoyoka m'miyendo ya anthu, mpheta zinauluka, bwalo lonse linadumpha pamodzi n'kutera pamodzi. Ndinakanikiza foni kukhutu, khutu linalo ndinatseka ndi chala, koma munalibe mawu, munali kugunda kokhakokha. Milomo ya amayi inkayenda. Ankanena chinthu chachifupi, anachibwereza kawiri. Ndinakuwa kuti akweze mawu, ndipo ine ndemwe sindinadzimve.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti miyendo yanga inkavina. Ndinali nditaimirira osadziwa, mawondo akutsatira besi bwinobwino, monga anaphunzirira zaka zonsezi. Ndinawamenya ndi chibakera koma sanasiye. Inali nyimbo yabwino, ndipo thupi langa linkadziwa zimenezo.

Adzukulu anayamba kumasula zingwe pang'onopang'ono. Amayi anagona chagada pathabwa, kafoni kali pachifuwa, n'kumatsika. A Makwinja anandilozera mulu wa dothi ndi chibwano. Ndinawerama kuti nditape, koma kalamba kobiriwira kaja kanakola pachitsulo cha siteji n'kundibweza. Ndinatapa ndi dzanja lamanzere. Dothi linkadumphadumpha m'chikhatho chifukwa cha kugunda, ndipo pamene ndinaliponya linali timapepala tamitundumitundu tija amauluzira anthu kuchokera pasiteji. Tinatsika mochedwa, tikuzungulira, tina n'kumatera pabulauzi yoyera. Adzukulu anatola makasu nayamba kukwirira, khasu lililonse likugwera pamodzi ndi besi.

Ndinadzuka mutu uli pabenchi yanga ku Limbe, tsaya litamatira kubatire la foni ya kasitomala. Inali nthawi ya nkhomaliro. Mnzanga wogulitsa masipika pafupi nane ankayesera kasitomala sipika yatsopano, ndipo malata anga ankanjenjemera.

Sindinasambe n'kumaso komwe. Ndinatenga foni ndinaimbira Lekeleni, monga ndakhala ndikuchitira mwezi uliwonse iye osayankha. Inalira mpaka ndinataya mtima. Itatsala pang'ono kuduka, anayankha. Ndinkamva nkhuku ndi mwana wake akulira chapatali.

"Lekeleni, ndine. Usadule. Ndingofunsa chinthu chimodzi, sindidzakuvutitsanso. Tsiku lija amayi ankafuna kundiuza chiyani?"



"Sanandiuze," anatero. "Ndinawafunsa, anati ndi zanu, akuuzani okha."

"Nanga nditadula, anati chiyani?"

"Ine ndinakutukwanani. Iwo anati, musiyeni avine kaye, nyimbo ikatha aimba yekha." Anapuma. "Foni anaigwira pachifuwa mpaka m'mawa, achimwene. Tinachita kuwatambasula zala kuti tiichotse."

Anaidula.