Nyimbo imene Jessie ankati anagula

Tsiku la Jessie limayamba nkhuku zisanatsike. Kutunga madzi kumjigo, kusambitsa mwana wake Chimango, kumuperekeza kusukulu ya mkombaphala. Akabwerako, kuvuula chinangwa chimene anaviika, kuchifinya, kuchiyanika pathandala. Chouma kale, kusinja ndi kusefa. Ntchito yopepuka inali imodzi yokha: kujambula ufawo pafoni n'kuika kanemayo patsamba lake la pa intaneti.

Makanemawo ndiwo ankamudyetsa. Mwamuna wake anapita ku Joni Chimango ali kumbuyo, ndipo chimene anatumizako ndi foni yokhayo. Anthu a ku Mzuzu akaona ufa wa kondowole wa ku Kande uli mbee, ankaitanitsa. Kuti kanema akome, Jessie ankaikamo nyimbo ina yotchuka imene anamuikira m'foni oika nyimbo a pa Chintheche.

Lachinayi lina tsamba linakana kutseguka. M'menemo munali uthenga wa mayi wina wa malo odyera ku Mzuzu, wofuna matumba asanu Loweruka. Nambala ya mayiyo Jessie sanailembe pena. Ufa unali utadzaza kale m'nyumba, mvula nayo ili pafupi.

Anathamangira kwa a Kachingwe, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene amakhala kuseri kwa tchalitchi.

"Ada, foni yanga ailodza!"

A Kachingwe anawerenga mauthenga ena amene anali m'fonimo, n'kupukusa mutu. "Mayi a Chimango, anakuchenjezani katatu. Mwini nyimbo anadandaula, ndiye akutsekerani."

"Zachingerezizo? Ine ndinalekezera sitandade seveni, ndimayesa ndi zotsatsa malonda. Komanso nyimboyo ndinagula, ada. Ndinalipira ndi dzanja langali!"

"Munalipira wokuikirani, kuti muzimvera nokha. Mukakwera boti ya ku Usisya n'kulipira, botiyo imasanduka yanu?"

"Nanga woimbayo ndamubera chiyani? Iye ali ndi galimoto, ine ndili ndi mtondo."

"Thukuta lake. Wina atatenga kanema wanu n'kumagulitsira ufa wake, mungaseke?"

Woteroyo Jessie akanamulondola mpaka pakhomo pa amake.

A Kachingwe anamulembera uthenga wopepesa kwa amene anatseka tsambalo, koma yankho linabwera lakuti ayi. "Muyambirenso," anatero. "Nyimbo ya mwini, pemphani kaye, avomere molemba. Apo ayi, sankhani zimene eni ake analoleza aliyense, ndikusonyezani. Kapena jambulani mawu anuanu. Ndipo uthenga mukapanda kuumva, bwerani nawo tsiku lomwelo."

"Yewo, ada," anathokoza Jessie.

Loweruka linadutsa, matumba ali pomwepo. Sabata yotsatira akusinja ndi mlamu wake Queen, Queen anayamba kanyimbo kopeka yekha, konyoza amuna a ku Joni otumiza foni yopanda ngakhale mchere. Minsi inkagunda mogwirizana ndi mawuwo. Jessie anaimitsa munsi wake.

"Mlamu, ndikupempha chilolezo. Ndikufuna nyimbo yakoyi pa kanema."

Queen anaseka mpaka kugwira nthiti. "Chilolezo pa nyimbo ya pamtondo? Wapenga?"

"Ndapsapo kale ine. Lemba apa kuti wavomera."

"Bweretsa. Koma dzina langa lioneke, ndipo usandijambule mapazi, ndili ndi ming'alu."

Tsamba latsopano linayamba ndi anthu khumi ndi awiri, theka lawo achibale. Pofika nthawi yokolola, ogula anali atabwerera, ena akufunsa ufa, ena akufunsa woimbayo. Chenjezo silinabwerenso ngakhale limodzi. Masiku ano mnzake akamuonetsa kanema wokhala ndi nyimbo ya eni, Jessie sazungulira: kukhala ndi nyimbo m'foni si kukhala mwini wake. Pempha kaye, kapena imba yako.

Koma akafunsidwa kuti phunziroli linamudyera chiyani, samwetulira. Makanema a chaka chathunthu anapita. Matumba awiri mwa asanu aja anachita chuku ndi chinyezi, n'kuthera kunkhumba za oyandikana nawo. Mayi wa ku Mzuzu anapeza wina womugulitsa ufa, sanabwererenso. Chimango anakhala pakhomo teremu yonse posowa fizi, akusuzumira pampanda anzake akamapita kusukulu. Zonsezo chifukwa cha nyimbo ya mphindi imodzi, imene Jessie safunanso n'kuimva.