Chithunzithunzi cha Agogo

Ndinalota aphunzitsi athu a sayansi akulemba pakhoma la nyumba yathu zimene anatiphunzitsa: kuwala ndi timbewu totchedwa mafotoni, timene timagunda chinthu n'kubwerera m'maso kuti munthu achione. Koma manyutrino, timbewu tina tochokera kudzuwa, amapyola thupi ndi dziko lonse pafupifupi osakhudza kanthu, ndipo kuwala kumangowadutsa.

Kenako ndinali pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Agogo, amene anandilera mayi atamwalira, ankapeta chimanga, m'chifuwa mwawo mukulira ngati chitseko chadzimbiri. Pansi panali chithunzithunzi cha lichero lokha.

"Agogo, imani pomwepo!"

"Ndalowa gulu la osakhudza aja, mwanawe," anatero akuseka.

Ndinawagwira mkono, koma dzanja langa linangofumbata mphepo yozizira. Analowa m'khoma osaliboola, n'kumira m'nthaka, kumene kuli mayi.

Ndinadzuka. Linali tsiku loti agogo akajambulitse m'chifuwa kuchipatala, chifukwa ankatsokomola osaleka. Sindikudziwa ngati malotowo anachokera m'kalasi kapena kwina, ndipo sindinawauze. Ndinangokumbukira kuti makina ojambulirawo amatumanso mafotoni, ndipo amaona yekhayo amene alipo.

Popita kokwerera minibasi ndinkayenda kumbuyo kwawo, maso ali pansi.

"Wataya chiyani iwe?"

"Palibe, agogo."

"Nanga ukuponderanji chithunzithunzi changa? Ukufuna miyendo indilemere? Tsogola!"

Sindinatsogole. Chithunzithunzicho chinalipo, chowerama msana, chikutsokomola nawo limodzi, ndipo sindinachichotse maso mpaka tinakwera.