Batani la jekete ya a Festus

Tinali pakhonde tikutonola chimanga, dzuwa litapendeka, pamene amayi anandifunsa.

"Nanga iwe Faines, ku Boma wabwerako ndi chiyani lero?"

"Maso okhaokha, ngati kale," anayankha mng'ono wanga Lidia uku akuseka. "Ameneyu ogulitsa onse atopa naye."

Sankanama. Tsiku la msika ndinkatsika phiri kupita ku Dowa chimanjamanja. Ndinkangolowa m'magolosale, kununkhiza sopo, kuyesa nsapato, kuvundukula milu ya kaunjika. Maso akakhuta ndinkabwerera kwathu mtima uli mbee.

Koma tsiku limenelo sindinaseke nawo.

Pa mulu wina dzanja langa linali litakoka jekete yabulauni. Pachigongono panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Ndinachizindikira pomwepo. Anasoka ndi amayi, tsiku limene achimwene anga a Festus ankanyamuka ulendo wa ku Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitapita, opanda kalata, opanda foni. Komabe m'mawa uliwonse amayi ankasesa m'kanyumba ka a Festus ndi kutsekula zenera, ati mwana asadzapeze fungo la nkhungu.

"Mwaipeza kuti iyi?" ndinamufunsa wogulitsa.

"M'belo, achemwali. Ndatsekula m'mawa womwe uno, lachokera kunja." Anayang'ana jeketeyo, n'kukanda m'mutu. "Koma ili ndi mwayi. Bambo wina wamtali waiyesa posachedwapa, yamukwana ndendende. Wangodandaula kuti batani lachiwirili lathothoka."

"Walowera kuti?"

"Msewu wa ku Ntchisi, wapansi. Akuti akupita kwa amayi ake."

Ndinacheuka. Mumsewumo munali fumbi lokha. Mulu wonse unali pamthunzi, koma m'kati mwa jeketeyo munali mofunda. Anthu amati za pakaunjika ndi zovala za akufa, ndipo ine ndinkawaseka. Ndinaikankhira pansi pa mulu, n'kuthawa.

Tsono apa pakhonde, amayi akundiyang'ana, ndikanati chiyani? Kuti asiye kusesa?

"Palibe chachilendo, amayi," ndinatero. Chitsononkho chinandipulumuka m'manja.

Kutacha ndinapita kumjigo. Pobwera ndinapeza amayi atakhala pamkeka, akulimbana ndi singano. Tsache linali litatsamira khoma la kanyumba ka a Festus.

"Tandilowetsera ulusiwu, mwanawe. Maso anga atha."

Ndinatula ndowa. Ulusiwo unali wobiriwira. Pachitenje chawo panali batani labulauni, likadali ndi timaulusi toduka.

"Ndalitola pakhomo pa Festus," anatero mofatsa, ngati akunena za nkhuku yoikira patchire. "Ukapitanso ku Boma, usakangoona. Ukabwere nayo jeketeyo."

Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, n'kuulowetsa pasingano. Kumbuyo kwa amayi, zenera lija linali lotseka, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi.